Bambo Aloysius Likhutcha ndi Injini ya Nthunzi ya ku Kanjoka

"Amayi, kodi ababa amakonda ndani kwambiri, ife kapena chitsulo chija cha kudambo?" Adafunsa funso limeneli ndi mayi Esitere, mwana woyamba wa malemu, ali kamtsikana, tsiku limene bambo awo adachoka pakati pa phwando la ukaristia wawo woyamba atamva kuti injini ikulira mwachilendo. Mayi Esitere, amene akhala apo pambali pa amayi awo, andipempha kuti ndiyambe ndi funsoli. Akuti munthu sangaimvetse mbiri ya bambo awo ngati sadziwa kuti m'moyo mwawo mudali nsanje, ndipo kuti nsanjeyo idazungulira pa makina amodzi.

Mafumu athu, bambo mfumu ndi akuluampingo, anamfedwa, adzukulu amene mwatikonzera nyumba ya malemu, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe, zikomo. Ine ndine Davison, mlembi wa komiti yosamalira injini ya ku Kanjoka, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Zonse zili muno ndawawerengera kale mayi Fainala, amene ndi akazi a malemu, komanso bambo Lameki Kathumba, oyandikana nawo nyumba. Onse awiri avomera kuti zinenedwe monga momwe zidachitikira.

Malemu bambo Aloysius Likhutcha adabadwa m'chaka cha 1950 m'boma la Thyolo, pa esiteti ina ya tiyi pamene bambo awo ankagwira ntchito m'fakitale. Adali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu adaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 6, koma bambo awo atamwalira adaisiya kuti athandize amayi awo. Adalowa ntchito yonyamulira makaniko masipanala, ndipo kumeneko ndi kumene adakumana ndi injini ya nthunzi imene inkapopa madzi kuchokera kumtsinje kupita kufakitale. Idali yakale kale nthawi imeneyo, yoposa ngakhale bambo awo zaka.

M'chaka cha 1974 magetsi atafika pa esiteti ija, injiniyo idagulitsidwa ku esiteti yatsopano ya fodya kuno ku Kanjoka, kufupi ndi Lisasadzi. Akuluakulu mukukumbukira momwe kudalili. Nkhalango inkagwetsedwa kuti pakhale minda, misuku ndi mitondo ili milumilu, ndipo eni esiteti adaona kuti makina odya nkhuni ndiwo oyenera. Koma kuno kudalibe woidziwa kuimanga. Motero malemu adakwezedwa pa lole pamodzi ndi zitsulozo, atauza amayi awo kuti abwerera mvula isanagwe. Mvula idagwa, idagwanso, ndipo lero tikuwaika m'nthaka ya kuno.

Kwa achinyamata amene mwangoiona ili chete, ndifotokoze pang'ono. Makinawa ali mbali ziwiri. Mbali ina ndi boyila, chithanki chachitsulo chimene pansi pake amasonkhapo moto kuti madzi awire. Mbali inayo ndi injini yeniyeni, ya gudumu lalikulu ndi mikono, imene nthunzi imaikankha kuti ipope madzi a m'damu kukwera kumtunda. Kumtundako matenanti ankatunga m'makeni n'kumathirira nazale za fodya, osatsikanso kudambo ndi ana kumbuyo. Ntchito yake ndi ya anthu awiri. Wina ayang'ane moto ndi madzi a m'boyila, wina ayang'ane injini. Munthu mmodzi sangazithe, ngakhale atakhala wanzeru bwanji.

Munthu wachiwiriyo adali bambo Lameki Kathumba, mbadwa ya mudzi uno. Iwo adakumba nawo damu, ndipo kapitawo adali atawauza kuti makina akabwera woyendetsa adzakhala iwo. Lole itafika, mudatsika mnyamata wa ku Thyolo, wovala ovolosi, kachitini ka oyilo kali m'manja. A Kathumba adapatsidwa nkhwangwa ndi moto. Akuti adauza anzawo kuti: "Ine ndikupsa nkhope kuno, mlendo akusisita chitsulo ndi kansanza ngati akusambitsa khanda."

Koma tisaganize kuti nsanje idali mbali imodzi. Wezulo wa makinawa adali pamwamba pa boyila, ndiye womuliza adali a Kathumba. Akalira m'mawa, esiteti yonse inkati, "Lameki walira, tiyeni ku nazale." Amayi potuma ana ankati, "Katunge kwa Lameki." Mawu amenewa ankawapweteka malemu. Mayi Fainala akuti ankabwera kunyumba n'kukhala pakhonde osavula nsapato, kenako n'kunena kuti: "Madzi ndikukankha ndine, dzina likupita kwa wotola nkhuni."

Adagwira ntchito m'kanyumba kamodzi zaka makumi atatu. Palibe chaka chimene nazale idauma chifukwa cha iwo. Ankapatsana moni mwaulemu, ndipo a Kathumba akaotcha mbatata paphulusa ankanyema n'kuwagawira anzawowo. Komabe malemu sadalole ngakhale tsiku limodzi kuti a Kathumba agwire kachitini ka oyilo, ndipo a Kathumba sadalole kuti malemu asuzumire pa galasi loonera madzi a m'boyila. Aliyense ankatchinga mbali yake ndi msana. Zotsatira zake n'zakuti zaka zonsezo palibe adaphunzira ntchito ya mnzake.

M'chaka cha 1978 malemu adamanga ukwati woyera ndi mayi Fainala a m'mudzi muno, nakhala mkamwini. Malo amene adapatsidwa kuti amange adali oyandikana ndi a Kathumba, pakati pali mzere wa nkhadze basi. Malemu adali bambo osamwa, osakweza mawu, ndipo ana awo onse adawaphunzitsa mpaka pamene mwanayo wafuna. Chodandaula cha mayi Fainala chidali chimodzi, ndipo amayi a kumpingo mukuchidziwa chifukwa ankachinena poyera: "Ine ndine mkazi wachiwiri. Wamkulu ali kudambo. Saphika, sachapa, sabereka, koma wodzozedwa mafuta tsiku ndi tsiku ndi iyeyo." Malemu akamva ankangomwetulira n'kuyankha kuti, "Nanga uja samalongolola." Mayi Fainala andiuza kuti yankho limenelo ndilembe, kuti anthu adziwe zimene ankapirira.

Ku mpingo adali mkhristu wokhulupirika wa Katolika. Adakhalapo wapampando wa mphakati wa Yosefe Woyera kwa zaka zambiri, ndipo belu la tchalitchi, mjigo wa pasukulu, ngakhale njinga ya akatekisi, zikawonongeka zinkadikira manja awo. Sankalandirapo kanthu. Chokhacho, akamakonza sankafuna munthu woima pafupi n'kumapereka nzeru.

M'chaka cha 2004 esiteti idatsekedwa. Matenanti adabalalika, ena kubwerera kwawo, ena kumaesiteti a ku Simlemba. Posakhalitsa malata a maofesi adayamba kusowa, kenako zitseko, kenako mipope. Mipope ya mkuwa ndiyo inkafunidwa kwambiri, chifukwa otcheza kachasu amati ndi imene imatulutsa wabwino. Ogula zitsulo zakutha nawo adayamba kuzungulira ndi masikelo awo.

Apa ndi pamene anthu awiriwa adachita chinthu chimodzi popanda kuuzana. A Kathumba adapita kukanyumba kaja n'kumasula wezulo ndi vavu, poona kuti ziwirizi ndi zamkuwa ndipo ndizo ziyambe kubedwa. Vavu ndi kachitsulo kamene kamatseguka kokha nthunzi ikachuluka m'boyila, kuti boyilayo ipume isaphulike. Adazikulunga n'kukazisunga kwawo. Tsiku lotsatira malemu adabwera ndi loko watsopano, napeza pamwamba pa boyila pali mabowo awiri. Adadziwa dzanja limene lamasula, chifukwa wakuba akadathyola. Adakhoma loko uja, kiyi n'kuika m'thumba. A Kathumba pobwera adapeza chitseko chokiya, pamalo pamene adasonkhapo moto unyamata wawo wonse.

Nkhaniyi ikadatha tsiku lomwelo ndi mawu awiri. Koma malemu adali mkamwini, ndipo adati mkamwini sangaitanitse mbadwa ya m'mudzi kubwalo, choncho wotenga ndiye abweze yekha. A Kathumba adati iwo sangapite kukapepesa kwa mkamwini pa nthaka ya makolo awo, wofuna kanthu abwere adzapemphe monga amachitira akamwini onse. Aliyense adakhala pakhonde pake kudikira mnzake. Akazi awo ankapatsana mchere pa nkhadze pomwepo, ana ankasewera limodzi, maliro ankayenderana. Za vavu ndi kiyi zokha ndizo sizinkatchulidwa. Zidakhala choncho zaka zoposa makumi awiri.

M'zaka zimenezo malemu adagwira ntchito imene lero tikuithokoza, popanda wowalemba kapena wowalipira. Loweruka lililonse ankatsegula kanyumba kaja n'kuzunguza gudumu ndi manja kuti lisagwirane. Oyilo ankakapempha wotsala kuchigayo. Denga litabedwa adafolera ndi udzu ndi pulasitiki monga timachitira chigafa cha fodya, ndipo chaka chilichonse ankayamba kufolera kumeneko asanafolere khitchini ya kwawo. Ogula zitsulo adabwera kangapo, ena kudzera kwa achibale. Mmodzi mwa iwo malemu adamufunsa kuti: "Agogo ako ungawakweze pasikelo?" Munthuyo sadabwerenso. Tinene zoona, ambiri a ife tinkawaona ngati akutaya nthawi. Maesiteti ena onse a kuno makina awo adathera m'zidutswa, ena adasanduka makasu, ena maekiselo a ngolo. Yathuyi ilipo chifukwa cha iwo.

Mbiri idamveka. Aphunzitsi adayamba kubwera ndi ana a sukulu, ena kuchokera ku Mtunthama, kudzaona momwe madzi ankakwerera phiri kale. Chithunzi cha malemu ataima pa gudumu chidatuluka m'nyuzipepala. A Kathumba atachiona pagolosale adangoti: "Ajambulitsa ndi thupi lokha awa. Mpweya uli kwathu." Mawuwo adawafika malemu dzuwa lisanalowe.

M'chaka cha 2017 kudamveka kuti kubwera akuluakulu oyang'anira zinthu zakale za dziko. Malemu adafunitsitsa kuti alendowo aione injini ikuyenda. Kupita kwa a Kathumba sadapite. M'malo mwake adasema mpini wa khasu wa muwanga, n'kuukhomera pa bowo la vavu, wina pa bowo la wezulo, n'kumanga ndi waya, monga timatsekera mgolo wa madzi pangolo. Munthu amene ankadziwa nati iliyonse ya injini sadadziwe kuti boyila yotsekedwa choncho ilibe popumira, chifukwa mbali imeneyo sadaiphunzire. Adasonkha moto wa zitsononkho ndi bulugama. Alendo adaima pakhomo, ana a sukulu atadzaza mkati mpaka m'mawindo.

A Kathumba adali ku nazale yawo tsidya la dambo pamene adaona utsi ukutuluka pa chumuni. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri adathamanga m'matope, nsapato imodzi n'kutsala momwemo. Adalowa akukuwa kuti, "Tulukani! Tulutsani ana!" Adatsegula kachitseko ka moto n'kuyamba kusolola nkhuni zoyaka kuziponya panja, mpaka moto udatha. Chipsera cha tsiku limenelo chili pa mkono wawo wamanja mpaka lero.

Malemu adakwiya monga sitidawaonepo. Pamaso pa alendo adati, "Mwaona nsanje ya munthu uyu? Sakufuna kuti iyende iye palibe." A Kathumba, akupuma movutika, adayankha kuti, "Nsanje ndili nayo, alamu, sindikana. Koma lero ndadzera ana a eni akewa." Ine ndidalipo. Ena amati wolakwa ndi amene adasonkha moto, ena amati ndi amene adasunga vavu zaka zonsezo akudziwa bwino ntchito yake. Komiti yathu idaikamba nkhaniyi kangapo ndipo sitidaweruze. Pano si pamalo poweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti bala la a Kathumba adalitsuka ndi mayi Fainala mpaka lidapola, ndipo mankhwala ake adakagula ndi malemu, n'kuwauza akazi awo kuti asanene.

Alendo aja adayankhula mofatsa. Adati makina otere atsala ochepa kwambiri, ndipo moto usadzayatsidwenso mpaka katswiri ataiyeza boyilayo. Adatithandiza kukhazikitsa komiti. Koma adanenanso kuti ngati mudzi sungathe kuisunga yathunthu, zipangizo zonse zili pamodzi ndipo anthu akumvana, ndi bwino kuti ikasungidwe kunyumba ya zinthu zakale mumzinda, kumene kuli denga labwino ndi alonda.

Kwa nthawi yoyamba anthu awiriwa adapezeka mbali imodzi. Pa msonkhano wa komiti adakhala motalikirana, aliyense akuyankhula kudzera kwa wapampando. A Kathumba adati: "Ndiye akaipukute mnyamata wa m'tauni amene sadziwa ndi fungo la utsi wake lomwe?" Malemu adati: "Ndidabwera nayo pa lole. Sikweranso lole." Nsanje imene ankachitirana adaitembenuzira kwa munthu wa mumzinda amene sadamuonepo. Tidaomba m'manja poganiza kuti zatha. Koma potuluka aliyense adadzera njira yake, vavu ili kwa a Kathumba, kiyi ali kwa malemu. Zaka zidapitanso. Chaka chatha akuluakulu aja adabweranso n'kutiuza kuti mu Seputembala wa chaka chino adzabwera kudzamanga mfundo yomaliza, kaya itsala kaya ipita.

Mu Januwale, mvula ili mkati, malemu adagwa ali kumunda. Kuchipatala cha boma ku Kasungu adatiuza kuti ndi sitiroko, ndipo mkono ndi mwendo wamanzere zidafooka. Atatuluka ankapempha kuti awakhazike pakhonde moyang'ana kudambo. Gudumu lidakhala losazunguzidwa, dzimbiri n'kuyamba kuoneka pa mikono. Mwana wawo, bambo Sunganani, adawapempha kiyi kangapo kuti akathire oyilo, koma adakana. Kiyi uja adamumangirira pa korona wawo wopempherera n'kumavala m'khosi, ngakhale posamba.

Fodya atatha kuthyoledwa, tsiku lina masana a Kathumba adadutsa pa nkhadze paja atanyamula mtolo wa chiguduli. Adagwada pambali pa mphasa, iwo mbadwa ya m'mudzi, n'kumasula. Vavu ndi wezulo zidali zonyezimira ngati zatsopano. Zaka zonsezo ankazikwecha ndi phulusa ndi mandimu n'kuzipaka girisi, chitseko atatseka. Malemu adanyamula vavu ndi dzanja lamoyo lija, kuitembenuza uku ndi uku nthawi yaitali, kenako adati: "Girisi mwachulutsa." A Kathumba adati: "Zaka zonsezi mawu ake ndi amenewa?" Malemu adati: "Mukadafunsa ndikadakuuzani." Mayi Fainala akuti adalowa m'khitchini kuti asaoneke ngati akuseka kapena akulira.

Kuyambira pamenepo tinkawatengera kudambo pangolo akakhala ndi mphamvu. Atakhala pampando ankaloza ndi ndodo malo othira oyilo, akuphunzitsa bambo Sunganani pamodzi ndi bambo Fumbani, mwana wa a Kathumba. Ankakalipa kwambiri, ndipo kachitini kaja ankakalanda munthu akangochedwa kukabweza. Katswiri adabwera, adaiyeza boyila ndi madzi ozizira, nalamula kuti tisinthe mipope ingapo ya mkati, ndipo ntchito imeneyo ili pafupi kutha. Malemu ankayembekezera Seputembala ngati mwana woyembekezera Khirisimasi. Mulungu adakonza zina. Sabata yatha adadwalanso, nalandira masakramenti onse, ndipo Lachiwiri m'mawa adatisiya ali kunyumba kwawo, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu. Injini imene adaisunga sadaionenso ikuyenda.

Malemu asiya akazi awo, mayi Fainala. Mulungu adawapatsa ana asanu. Mmodzi, Masautso, adatsogola kale, ndipo amoyo ndi mayi Esitere, bambo Sunganani, mayi Anesi ndi mayi Lefina. Asiya zidzukulu khumi ndi zinayi ndi zidzukulutudzi zitatu. Asiyanso mlongo wawo mmodzi, amene wabwera kuchokera ku Thyolo ndipo, m'malo mwa akuchimuna onse, wavomera pempho la malemu lakuti asanyamulidwe kupita kwawo. Tikuthokoza mafumu potipatsa malo ano. Mukatembenuka muona kuti chumuni chikuoneka bwinobwino kuchokera pano. Adasankha okha.

Chomaliza andipempha a Kathumba kuti ndinene pamaso panu, kuti nonse mukhale mboni. Lamlungu lapitali adakhala pambali pa malemu, mayi Fainala ali pomwepo. Malemu adamasula kiyi pa korona n'kumuika m'dzanja la a Kathumba. A Kathumba adalonjeza kuti pamene ali moyo palibe nati imene idzachoke kudambo, kuti akuluakulu aja akadzabwera adzapeza mabanja awiriwa ataima pamodzi pakhomo, ndipo kuti chaka chilichonse nthawi ya nazale moto udzayaka, iwo ali ku boyila, bambo Sunganani ali ku injini.

Atatha, a Kathumba adati: "Nanga inu alamu mukundilonjeza chiyani? Si ine ndekha wosenza."

Malemu adati: "Ikadzayamba kuyenda ine ndili kutsidyako ndikumva, sindidzachita nsanje."

A Kathumba adati: "Bodza limenelo. Mudzachita."

Malemu adati: "Chabwino. Ndidzachita, koma mwakachetechete."

Adagwirana chanza, ndipo a Kathumba akuti lonjezo limenelo alilandira.

Bambo Aloysius Likhutcha apumule mu mtendere wa Ambuye amene adawatumikira. Zikomo.